Mndandanda umene udasunga masewero pa kanema wa aliyense

Adzukulu anga, mwakhala mukundifunsa kuti zimatheka bwanji kuti Chikho cha Dziko Lonse chizioneka pa kanema wa aliyense muno mu Britain, ngakhale m'nyumba ya nkhalamba yodalira penshoni, pomwe mpira wa ligi wa Aston Villa mumakauonera kwa amalume anu amene amalipira mwezi ndi mwezi. Ena a inu mumayesa kuti a BBC ndi anthu achifundo. Si chifundo ayi, ndi lamulo. Anthu adalikanganira lamulo limeneli, ena adafika nalo mpaka kukhothi, ndipo pali masewero ena amene adagwa m'njira osabwereranso. Sendererani kuno ndikuuzeni, zina monga ndidaziona ndi maso angawa, zina monga tidamvera kwa amene tidawapeza kuno.

Kalekale wailesi yakanema m'dziko muno idali imodzi yokha, BBC. M'chaka cha 1954 Nyumba ya Malamulo idaloleza kuti pabwere ina yodalira ndalama za otsatsa malonda, ndipo ITV idayamba kuulutsa mu Seputembala 1955. Idayambira ku London kokha. Kuno ku Birmingham idafika chaka chotsatira, madera ena idachedwa kwambiri. Aphungu adaona patali. Adadzifunsa kuti, nanga wailesi yatsopanoyi ikadzabwera ndi thumba la ndalama n'kugula yokha ndime yomaliza ya FA Cup, munthu wa ku Wales kapena kumpoto kwa Scotland, kumene siifika, adzaonera kuti? Choncho m'lamulo lomwelo adaikamo mawu opatsa nduna mphamvu yoletsa wailesi imodzi kudzitengera yokha zochitika zimene dziko lonse limaziwerengera. Mphamvuyo nduna sidaigwiritse ntchito, chifukwa mu 1956 mbali ziwirizo zidagwirizana zokha. Zidalemba mayina a masewero amene wina asawatsekere mnzake: fainolo ya FA Cup, tenisi ya ku Wimbledon, masewero akuluakulu a kiriketi otchedwa Test, mipikisano ya akavalo ya Derby ndi Grand National, mpikisano wa mabwato wa Oxford ndi Cambridge, ndi ena ochepa. Mndandanda umene ukutitetezabe lero udabadwira pamenepo.

Ine ndidafika kuno dziko lathu litangolandira ufulu. Kwathu kudalibe kanema, ndipo sadabwere mpaka 1999. Mpira tinkaumvera pa wailesi, woulutsa akathamangitsa mawu ife n'kudziwa kuti kugolo kwaterera. Kuno ndidapeza anthu wamba, ogwira ntchito m'mafakitale a magalimoto ndi m'mabasi, ali ndi kanema pabalaza. Ambiri sadali awo. Ankabwereka kusitolo n'kumalipira sabata ndi sabata, ndipo ena adali ndi kabokosi kumbuyo koponyamo makobidi, makobidi akatha chithunzi n'kuzima mpira uli mkati. Padalinso laisensi ya chaka ndi chaka, imene ilipobe, ndiye ndikamati kuonera kwaulere musaganize kuti kudalibe kulipira kulikonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ukalipira laisensi imodziyo, chilichonse chimene chili mumlengalenga chinkalowa m'nyumba mwako. Mwini fakitale ndi wosesa m'fakitale ankaona chithunzi chimodzimodzi pa nthawi imodzimodzi.

Chaka chimene chidanditsegula maso ndi 1966, pamene Chikho cha Dziko Lonse chidachitikira ku England. Mayiko a mu Africa adanyanyala mpikisanowo chifukwa FIFA idapereka malo amodzi okha oti Africa, Asia ndi Oceania alimbirane. Koma ife sitidasowe wathu. Timu ya Portugal idali ndi Eusébio, mnyamata wobadwira ku Lourenço Marques, kumene lero mumati Maputo, ndipo kaputeni wake Mário Coluna adalinso wa ku Mozambique komweko. Tsiku limene North Korea idatsogola ndi zigoli zitatu kwa duu ku Goodison Park mumzinda wa Liverpool, Eusébio adagoletsa zinayi yekha, masewero n'kutha 5–3. Tidakuwa m'chipinda chimene tinkachita lendi mpaka oyandikana nawo adagogoda khoma. Mpikisano wonsewo adagoletsa zigoli zisanu ndi zinayi, kuposa wina aliyense. Palibe mmodzi wa ife akadakwanitsa tikiti ndi sitima yopita ku Liverpool, koma tidamuona.

Fainolo idachitika pa 30 Julaye ku Wembley. England idagonjetsa West Germany 4–2, Geoff Hurst atagoletsa zitatu. BBC ndi ITV onse adaonetsa, ndipo anthu oposa 32 miliyoni adaonera, kuposa theka la anthu a m'dziko lonse. Mpaka lero palibe pulogalamu ina ya pa kanema muno imene idasonkhanitsa anthu ochuluka chotero. Lolemba lake kuntchito kudalibe munthu wosowa chonena. Mzungu amene kwa miyezi ankangondidutsa osapereka moni adandiimitsa kundifunsa ngati mpira wa Hurst uja udadutsadi mzere. Tidatsutsana, ndipo kuyambira tsikulo tinkapatsana moni. Mlendo m'dziko la eni amasowa polowera nkhani, ndipo kwa ambiri a ife polowera padali pamenepo, poti tonse tidaona chinthu chimodzi.

Musaganize kuti masiku amenewo mpira unkasefukira pa kanema. Udali wosowa. Eni matimu ankaopa kuti anthu akamaonera kunyumba asiya kupita kubwalo, choncho masewero a ligi sankaonetsedwa pomwe akuchitika; zimenezo zidayamba mokhazikika mu 1983. Tinkadikira Match of the Day, imene idayamba mu 1964, kuti tione zidutswa usiku wa Loweruka. N'chifukwa chake tsiku la fainolo ya FA Cup linkakhala ngati tsiku lachikondwerero. Kanema ankayamba m'mawa, makamera ali kuhotela kumene osewera agona, kenako kuwatsatira m'basi mpaka ku Wembley. Amayi ankagula zakudya kudakali m'mawa, misewu masana n'kukhala zii. Mu 1968 anansi athu a West Bromwich Albion adagonjetsa Everton 1–0 ndi chigoli cha Jeff Astle, ndipo imeneyo ndiyo idali fainolo yoyamba kuonetsedwa ndi mitundu, ngakhale ambiri a ife tidaionerabe yakuda ndi yoyera.

Tsopano ndikuuzeni za kiriketi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yowawa. Ine kiriketi sindinkaidziwa. Adandiphunzitsa ndi anzanga a ku Jamaica ndi Barbados amene tinkagwira nawo ntchito, ndiponso kanema, chifukwa BBC inkaonetsa masewero a Test kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku asanu, aliyense woyatsa kanema n'kuwapeza. Chilimwe cha 1976 kudali chilala chachikulu muno, udzu wa m'mabwalo udauma n'kufiira. Timu ya West Indies idabwera, ndipo kaputeni wa England, Tony Greig, wobadwira ku South Africa, adalankhula pa kanema kuti adzawakwawitsa pansi. Ganizirani, mzungu wa ku South Africa kunena mawu otere kwa anthu akuda, ndipo patangopita masiku ochepa ana a sukulu n'kuwomberedwa ku Soweto. Anzanga aja sadagone tulo. West Indies idapambana 3–0. Pa masewero omaliza ku Oval, Viv Richards adamenya ma run 291, Michael Holding n'kutulutsa osewera 14. Amene adali pa shifiti ya usiku ankaonera masana onse osagona, ana obwera kusukulu ankakhala pansi pafupi ndi kanema, ndipo madzulo m'misewu ya Handsworth kuno ku Birmingham munkapeza anyamata akuponya mpira wa tenisi, kabokosi ka mkaka atakaimika ngati zikhomo. Palibe adawatumiza kukaphunzira. Adaona munthu wofanana nawo akuchita zodabwitsa, basi adatuluka panja.

Chaka chomwecho ndi chimene dziko lidadziwira bwino a Denis Howell, amene mukumbukire dzina lawo. Adali phungu wa kuno ku Birmingham, dera la Small Heath, mwana wa m'banja la anthu wamba, ndipo adaimbirapo mpira wa ligi ngati refu. Adakhala nduna ya zamasewero kawiri. Chilala chitafika povuta adawapatsanso udindo woyang'anira za chilalacho, ndipo patangopita masiku ochepa mvula idagwa yosalekeza, anthu n'kumati a Howell ndiwo aigwetsa.

Zinthu zidatembenuka ndi madishi. Mu 1989 a Rupert Murdoch adayambitsa Sky, kanema wochokera pa satelayiti, ndipo mu 1990 idaphatikizana ndi kampani ina yopikisana nayo n'kukhala BSkyB. Poyamba inkataya ndalama zoopsa. Mafilimu okha sadakope anthu okwanira. Chimene chidaipulumutsa ndi mpira. Mu 1992 matimu akuluakulu adachoka mu ligi yakale n'kupanga Premier League, ndipo ufulu woonetsa masewero ake udagulitsidwa pa mapaundi 304 miliyoni kwa zaka zisanu: Sky kuonetsa pomwe akuchitika, BBC kutsala ndi zidutswa za usiku. Masewero oyamba amene Sky idaonetsa adali pa 16 Ogasiti 1992, Nottingham Forest kugonjetsa Liverpool 1–0. A Murdoch sadabise maganizo awo. Mu 1996 adauza eni masheya a kampani yawo kuti masewero ndiwo chida chimene adzagumulire nacho zitseko kuti kanema wolipira alowe m'mayiko.

Ndinene chilungamo, ndalamazo zidagwira ntchito. Mpira wa m'ma 1980 udali utadwala: mabwalo okalamba, ndewu, ndi ngozi ya ku Hillsborough mu 1989 imene idapha anthu ochuluka. Mabwalo adamangidwanso, osewera adabwera kuchokera kumbali zonse, a ku Africa omwe, ndipo Sky inkaonetsa masewero ochuluka kuposa amene BBC ndi ITV adaonetsapo. Koma bambo wosakwanitsa dishi adayamba kukaonera mpira kubala, kumene mwana wake wamng'ono sangapite naye madzulo. Nditapita kumudzi zaka za m'mbuyomu ndidakapeza zomwezo zitafika kale: anyamata akulipira pakhomo pa nyumba ya vidiyo kuti aone Arsenal ndi Manchester United, ana opanda ndalama ataunjikana panja kumvetsera phokoso la m'katimo kuti adziwe amene wagoletsa.

Ligi siidali pa mndandanda, ndiye palibe akadaletsa. Chimene chidadzidzimutsa anthu n'kuzindikira kuti ngakhale masewero a pa mndandanda sadali otetezeka. Lamulo la 1990 linkangoletsa kulipiritsa munthu pa masewero amodziamodzi, koma silinkaletsa wailesi yolipiritsa pamwezi kuwagula yokha. Khomo lidali pululu. Gofu ya Ryder Cup idapita ku Sky mu 1995. Mu Malichi 1996 nkhonya ya Frank Bruno ndi Mike Tyson idakhala yoyamba muno imene ngakhale olipira kale pamwezi adauzidwa kuti awonjezere zina kuti aione. Anthu adafunsa kuti chotsatira n'chiyani, Wimbledon kodi, kapena Olympics?

Pamenepo a Howell adali atakalamba, atachoka m'nyumba ya aphungu osankhidwa n'kulowa m'nyumba yachiwiri ya House of Lords. Boma la a John Major litabweretsa bilu yatsopano ya zoulutsa mawu, iwo adaimirira mu Febuluwale 1996 ndi kusintha kwawo, koti masewero asanu ndi atatu asatengedwe ndi wailesi yolipiritsa yokha: Olympics, Chikho cha Dziko Lonse, fainolo ya FA Cup ndi inzake ya ku Scotland, Wimbledon, Grand National, Derby, ndi masewero a Test a England a pakhomo. Boma lidakana, likuti eni masewero ali ndi ufulu wogulitsa katundu wawo kwa amene wapereka zambiri. Koma akuluakulu a m'nyumbayo, a chipani cholamula omwe, adatsatira a Howell, ndipo boma lidagonja ndi mavoti 223 kwa 106. Lidagonjera, n'kulemba zimenezi mu Broadcasting Act ya 1996.

Funso la boma lija si lopusa, ndipo ndalilingalira nthawi yaitali. Yankho langa ndimalitenga kwathu. M'mudzi munthu aliyense ali ndi munda wake, ndipo zokolola zake agulitse kumene afuna. Koma chitsime chimene mudzi wonse udakumba palibe amamangira mpanda, ngakhale chitakhala m'mphepete mwa munda wake. Fainolo ya FA Cup sidakhale yamtengo chifukwa cha nzeru za akuluakulu a bungwe la mpira. Adaikweza ndi anthu wamba amene kuyambira 1872 akhala akuima pamvula, kulipira pageti, kuphunzitsa ana awo mayina a osewera. Kuwauza anthu omwewo kuti tsopano chakwera mtengo, simungachikwanitse, n'kuwalanda chimene adapanga okha.

Mumvetse mmene lamuloli limagwirira ntchito, chifukwa ambiri amalimva molakwa. Silikakamiza BBC kugula kalikonse, ndipo sililetsa Sky kuonetsa. Chimene limanena n'chakuti wailesi yolipiritsa singatenge yokha masewero a pa mndandanda popanda chilolezo cha bungwe loyang'anira zoulutsa, limene lero ndi Ofcom, ndipo chilolezocho sichiperekedwa ngati mawailesi aulere sadapatsidwe mwayi wogula pa mtengo woyenera. Wailesi yowerengedwa kuti ndi yaulere idayenera kukhala yosalipiritsa komanso yofika kwa anthu 95 mwa 100 aliwonse. Zotsatira zake n'zakuti mtengo wa masewerowo umatsika, poti wogula wa thumba lalikulu sangapereke ndalama zambiri pa chinthu chimene mnzake akuonetsa ulere. Eni masewero amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ambiri a iwo safuna kukhala pa mndandanda.

Oyamba kupempha kuti achotsedwe adali a kiriketi. Bungwe lawo, ECB, lidadandaula kuti likusauka, matimu a m'zigawo ali m'ngongole, ndipo BBC ikulipira zochepa podziwa kuti palibe wopikisana nayo. Boma latsopano la a Tony Blair lidaika komiti yotsogozedwa ndi Lord Gordon, ndipo mu Juni 1998 nduna Chris Smith idagawa mndandanda pawiri. Gulu A ndi la masewero oyenera kuoneka ulere pomwe akuchitika. Gulu B ndi la amene wailesi yolipiritsa ingawatenge yokha, bola mawailesi aulere apatsidwe zidutswa zoonetsa pambuyo pake. Masewero a Test adatsitsidwira ku Gulu B. A Howell adali atamwalira mu Epulo chaka chomwecho. A Smith adanena pambuyo pake kuti adagwirizana pakamwa ndi wapampando wa ECB, Lord MacLaurin, kuti gawo lalikulu la masewerowo lidzakhalabe pa kanema waulere. Pepala lomanga aliyense padalibe. Kwa zaka zingapo lonjezolo lidasungika: wailesi yaulere ya Channel 4 idalanda kiriketi kwa BBC kuyambira 1999, n'kumaionetsa mwaluso. Koma mipando idasintha eni, ndipo mu Disembala 2004 ECB idagulitsa masewero onse a pakhomo kwa Sky kuyambira 2006.

Ndiye kudabwera chilimwe cha 2005, chimene aliyense ankadziwa kuti n'chomaliza. England ndi Australia adalimbirana Ashes, chikho chimene England idali isadachipambane kuyambira 1987. Masewero achiwiri adachitikira kuno ku Edgbaston. Lamulungu m'mawa Australia idatsala pang'ono kupambana, anthu m'matchalitchi mitima ili kwina, ndipo England idapulumuka ndi ma run awiri okha. Andrew Flintoff, m'malo mothamangira kukakondwera, adagwada pafupi ndi Brett Lee wa Australia kumutonthoza, dziko lonse likuona. Pa masewero achinayi ku Trent Bridge oonera adapitirira 8 miliyoni. Agogo anu aakazi, amene moyo wawo wonse ankati kiriketi ndi masewero a anthu osowa chochita, adapsereza ndiwo. England idapambana 2–1, osewera adakwezedwa pa basi yopanda denga mpaka ku Trafalgar Square, ndipo m'mapaki ana adadzaza ndi timatabwa tawo. Chilimwe chotsatira ana omwewo adayatsa kanema n'kupeza kulibe kanthu.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. ECB idapezadi ndalama zambiri, ndipo imanena kuti zidathandiza matimu a m'zigawo, kiriketi ya amayi ndi ya ana, zimene sindikutsutsa. Koma pamene England idapambananso Ashes mu 2009, oonera tsiku lomaliza sadafike 2 miliyoni. Mbadwo wonse udakula wosadziwa nkhope ya kaputeni wa dziko lawo. Kiriketi idabwerera kwa amene adali nayo kale, mabanja okwanitsa kulipira ndi masukulu a fizi yokwera amene ali ndi mabwalo awoawo. Mu 2009 komiti ina, yotsogozedwa ndi David Davies, idalangiza kuti Ashes ibwerere pa mndandanda. A kiriketi adakana kwamtuwagalu, boma lidasintha mu 2010, lipotilo n'kuikidwa pashelefu.

Umboni woti njala idalipobe udaoneka pa 14 Julaye 2019. England idafika mu fainolo ya Chikho cha Dziko Lonse cha kiriketi ku Lord's, kukumana ndi New Zealand, ndipo anthu atadandaula kwambiri, Sky idalola Channel 4 kuonetsa nawo. Masewero adathera pofanana, owonjezera adatheranso pofanana, England n'kupatsidwa chikho powerenga mipira imene idafika kumalire. Oonera adapitiriranso 8 miliyoni, ngakhale tsiku lomwelo Djokovic ndi Federer adali akulimbana ku Wimbledon. Sky idachita bwino tsiku limenelo, ndipo Amazon idachita chimodzimodzi mu 2021 pamene Emma Raducanu adapambana US Open. Koma zimenezo n'zoperekedwa mwa kufuna kwa mwini, ndipo chaka china akhoza kukana popanda womufunsa.

A mpira nawo adayesa. Kampani ya ku Germany ya a Leo Kirch idagula ufulu wa Chikho cha Dziko Lonse cha 2002 ndi 2006, ikuyembekeza kugulitsa modula m'dziko lililonse. Kuno idapeza kuti ogula ndi BBC ndi ITV basi, ndipo awiriwo adakana mtengo umene idatchula mpaka idautsitsa. Pambuyo pake FIFA ndi bungwe la mpira la ku Ulaya la UEFA adakasuma kukhothi la European Union, akuti Britain iteteze fainolo ndi masewero a matimu ake okha, osati onse 64. Kodi masewero a mayiko awiri akutali akukhudza bwanji munthu wa ku Leeds? Adagonja mu 2011, adachita apilo, adagonjanso mu Julaye 2013. Ine chigamulo chimenecho ndidachilandira ndi manja awiri, chifukwa masewero amene FIFA inkati ndi osafunikawo ndi amene ife timawadikira. Senegal itagonjetsa France mu 2002, Ghana itatsala pang'ono kulowa ndime yachiwiri kwa yomaliza mu 2010, Morocco italowamo mu 2022, tidaonera tonse popanda kufunsa kuti ndani ali ndi dekoda.

Mndandanda wakulanso kumene udali ndi ngongole. Paralympics idalowa mu 2020. Mu Epulo 2022 adaikamo Chikho cha Dziko Lonse cha amayi ndi cha ku Ulaya cha amayi, m'dziko limene bungwe la mpira lidaletsa amayi kusewera m'mabwalo a matimu ake kwa zaka makumi asanu kuyambira 1921. Pa 31 Julaye chaka chomwecho England idagonjetsa Germany 2–1 ku Wembley pamaso pa anthu 87,192, ndipo oposa 17 miliyoni adaonera pa BBC. Iwe mdzukulu wanga amene umavutitsa amako kuti akugulire nsapato za mpira, udayamba sabata imeneyo.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi Olympics. Ili pa Gulu A, palibe adaichotsapo. Mu 2012, pamene idachitikira ku London, BBC idaonetsa chilichonse, mpaka masewero 24 pa nthawi imodzi, munthu n'kusankha yekha. Mu 2015 komiti ya Olympics idagulitsa ufulu wa pafupifupi mayiko onse a ku Ulaya kwa kampani ya ku America ya Discovery pa mayuro 1.3 biliyoni, ndipo BBC idayenera kukambirana ndi kampaniyo. Pofika masewero a ku Tokyo mu 2021, BBC inkaloledwa kuonetsa masewero awiri okha pa nthawi imodzi, otsalawo kwa olipira. Lamulo silidaphwanyidwe, poti silidatchule kuti Olympics yaulereyo ikhale yochuluka bwanji. Mu 2024 aphungu adakonzanso lamuloli kudzera mu Media Act kuti lifike kwa makampani oonetsa pa intaneti, amene mu 1996 kudalibe, koma mayina a pa mndandanda akadali m'manja mwa nduna, imene ingawonjezere kapena kuchotsa itafunsa mbali zokhudzidwa, monga zidachitikira kiriketi. Pa masewero awiri a Olympics oonetsedwa ulerewo nthawi zambiri pamakhala liwiro, kusambira kapena kumene mwana wa dziko lino akuyembekezeka kupata mendulo. Otsalira amakhala masewero ang'onoang'ono, judo, badminton, kuponya mivi, amene mwana wa m'nyumba yosalipira amakhala ndi mwayi wowaona kamodzi kokha pa zaka zinayi, komanso othamanga ndi ankhonya a kwathu, amene nthawi zambiri amapikisana m'ndime zoyambirira zimene kanema waulere alibenso malo oziikamo.